John Condon: msilikali wa ku Ireland amene mwala wa pamanda ake umati anafa ali ndi zaka 14

Chaka chilichonse Novembala akafika, nthawi imene maiko amakumbukira anthu amene anafa pa nkhondo zikuluzikulu ziwiri zija, pa intaneti pamaonekaoneka chithunzi cha mwala woyera wa pamanda ena a ku Belgium. Pamwalapo analembapo nambala 6322, dzina loti J. Condon, gulu lake la Royal Irish Regiment, tsiku la 24 Meyi 1915, kenaka mawu amene amaimitsa aliyense: zaka 14. Manda amenewa ali ku Poelcapelle British Cemetery, kufupi ndi mzinda wa Ypres, ndipo ndi amodzi mwa manda amene alendo amapitako kwambiri m'dera lonse limene kunamenyedwa nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Ana asukulu amafika pa mabasi n'kusiyapo maluwa, timitanda ndi makalata. Amauzidwa kuti apa pagona msilikali wamng'ono kuposa onse amene anafera kunkhondo kumbali ya Britain.

Koma ofufuza mbiri akhala akutsutsa zinthu ziwiri zokhudza mwalawu. Choyamba ndi zaka: iwo akuti John Condon anafa ali ndi zaka 18. Chachiwiri n'chovutirapo kumva: akuti mwina mtembo umene uli pansi pa mwalawo si wake n'komwe. Kuti tione pamene pagona mkanganowu, tiyenera kudziwa banja limene mnyamatayu anachokera, mmene anthu ankalembedwera usilikali masiku amenewo, ndi mmene mitembo inkazindikiridwira nkhondo itatha.

Mwana wa ku Ireland ankatani m'gulu la nkhondo la Britain?

Lero Ireland ndi dziko lodziimira palokha, koma mu 1914 sizinali choncho. Kuyambira mu 1801 chilumba chonsecho chinali mbali ya United Kingdom, ndipo aphungu ake ankakhala m'nyumba ya malamulo ya ku London. Ireland inalibe gulu lakelake la nkhondo. Mnyamata wofuna usilikali ankalowa gulu la Britain, lomwe linali ndi marejimenti a ku Ireland. Rejimenti ndi gulu lalikulu la asilikali lokhala ndi dzina lake, mbiri yake ndi dera limene limalembako anthu. Mkati mwake mumakhala mabataliyoni, lililonse la anthu pafupifupi 1,000 likakhala lokwana. Royal Irish Regiment inkalemba anyamata a m'maboma a Waterford, Wexford, Kilkenny ndi Tipperary, ndipo likulu lake linali m'tauni ya Clonmel.

Nkhondo itayamba mu Ogasiti 1914, dzikolo linali kale pa mpungwepungwe wa ndale. Akatolika ambiri ankafuna kuti Ireland ikhale ndi nyumba yakeyake ya malamulo ku Dublin, ikadali pansi pa mfumu ya Britain. Apulotesitanti ambiri a kumpoto, ku Ulster, ankakana kwamtuwagalu, ndipo mbali zonse ziwiri zinali zitayamba kugula mfuti. Lamulo lopereka ulamuliro umenewu linavomerezedwa mu Seputembala 1914 koma linaimitsidwa mpaka nkhondo ithe. Mtsogoleri wa ofuna kudzilamulira, John Redmond, amene analinso phungu wa mzinda wa Waterford, analankhula ku Woodenbridge pa 20 Seputembala kulimbikitsa omutsatira kuti apite kunkhondo, poganiza kuti Britain idzakwaniritsa lonjezo lake. A ku Ulster nawo analowa mwaunyinji, pofuna kuonetsa kuti ndi okhulupirika kwa mfumu. Anthu a zolinga zosemphana anavala yunifolomu imodzi.

Amuna a ku Ireland oposa 200,000 anamenya nawo nkhondoyi. Palibe amene anakakamizidwa ndi lamulo, chifukwa lamulo lokakamiza usilikali limene linayamba ku Britain mu 1916 silinagwirepo ntchito ku Ireland. Chiwerengero cha amene anafa chimasiyana malinga ndi mmene munthu wawerengera: mabuku a chikumbutso amene anasindikizidwa mu 1923 ali ndi mayina oposa 49,000, koma m'menemo muli anthu a kwina amene anali m'marejimenti a ku Ireland. Akatswiri ambiri a mbiri amati obadwira ku Ireland amene anafa ali pakati pa 27,000 ndi 35,000.

Apa pali mfundo imene anthu amaidumpha. John Condon sanalowe usilikali chifukwa cha zolankhula za Redmond, kapena chifukwa cha chikoka cha nkhondo. Iye analembetsa mu Okutobala 1913, nkhondo isanayambe ndi miyezi yoposa isanu ndi inayi.

Banja la ku Waterford

Waterford ndi mzinda wa padoko kum'mwera chakum'mawa kwa Ireland, m'mbali mwa mtsinje wa Suir. Nthawi imeneyo moyo wa mzindawo unkadalira sitima zapamadzi, malonda a ziweto ndi mafakitale okonza nyama ya nkhumba. Banja la a Condon linkakhala m'tinjira topanikizika ta kufupi ndi Ballybricken, kumene kunali msika wa nkhumba ndi ng'ombe. Bambo a mnyamatayu, nawonso a John Condon, anali munthu wa ntchito zamanja, ndipo m'nyumbamo munali ana angapo, aamuna ndi aakazi. Mabanja otere ankadya zimene apeza sabata imeneyo. Ntchito ya padoko inali ya ganyu: sitima ikabwera mwapata, ikapanda kubwera mwagona ndi njala. Mwana wamwamuna akangosiya sukulu, kawirikawiri pa zaka 14 kapena asanafike n'komwe, ankayamba kufunafuna chochita kuti athandize pakhomo.

Kwa mnyamata wotere usilikali unali ntchito ngati ntchito ina iliyonse, ndipo unkaposa zambiri. Msilikali wamba ankalandira pafupifupi shileni imodzi patsiku, kuwonjezera pa chakudya, malo ogona, zovala ndi jombo. John analowa bataliyoni yachitatu ya rejimenti yake, yomwe inali mbali ya Special Reserve. Limeneli linali gulu la asilikali osungira, lokhazikitsidwa mu 1908. Munthu ankaphunzitsidwa miyezi ingapo akulandira malipiro, kenaka n'kubwerera kwawo kukapitiriza moyo wake, n'kumapita kumaphunziro masabata owerengeka chaka chilichonse. Mgwirizano unali woti nkhondo ikabuka adzaitanidwa kukalowa m'malo mwa ovulala ndi akufa. Mu 1913 anyamata ambiri ankaona miyezi ya malipiro ija. Za nkhondo zinkaoneka zakutali.

Zaka zake: zimene mapepala akunena

Ku Ireland boma linayamba kulemba ana onse obadwa mu 1864. Kuwonjezera apo, mapepala a kalembera wa 1901 ndi wa 1911 anasungika, ndipo lero aliyense angawawerenge pa intaneti kwaulere, nyumba ndi nyumba, dzina ndi dzina. Ofufuza atayang'ana m'mabukuwa anapeza kuti John Condon wa banja limeneli anabadwa mu Okutobala 1896, ndipo makalembera onse awiri akumuonetsa ali pakhomo pa makolo ake ndi msinkhu wogwirizana ndi chaka chimenecho.

Tiwerengere limodzi. Ngati anabadwa mu Okutobala 1896, ndiye kuti polembetsa usilikali anali atangokwanitsa zaka 17, ngakhale iye ananena kuti ali ndi 18. Pomwalira mu Meyi 1915 anali ndi zaka 18. Koma ngati zolembedwa pamwala zili zoona, ndiye kuti anabadwa cha mu 1900 kapena 1901, ndipo analowa usilikali ali ndi zaka 12 kapena 13, m'nthawi ya mtendere pamene olemba anthu analibe changu chilichonse ndipo madokotala anali ndi mpata woyeza munthu bwinobwino. Ofufuza amati zimenezi n'zokayikitsa kwambiri.

Nanga 14 inachokera kuti? Pali maganizo angapo. M'banjamo munali mng'ono wake amene mu 1915 anali wa msinkhu pafupifupi umenewo, ndipo ena amaganiza kuti zaka za awiriwa zinasokonezedwa polemba. Enanso anafika ponena kuti mwina mng'onoyo ndiye anapita kunkhondo pogwiritsa ntchito dzina la mkulu wake, koma ofufuza amati zolembedwa za m'zaka zotsatira sizikugwirizana ndi zimenezo. Palinso kuthekera kwa kuphonya wamba kwa kalaliki: m'malemba a pamanja, manambala amawerengeka molakwika mosavuta, ndipo maofesi a manda ankagwira mapepala a anthu mazanamazana a masauzande.

Kukayikira 14 sikutanthauza kuti ana sanamenye nkhondoyi. Lamulo linkati munthu alembetse ali ndi zaka 18 ndipo atumizidwe kunja kwa dziko atakwana 19, koma palibe amene ankafunsidwa satifiketi ya kubadwa. Ankangonena zaka zake pakamwa, dokotala n'kuyeza kutalika ndi kukula kwa chifuwa. Sajeni wolemba anthu ankalandira kangachepe pa munthu aliyense amene walembetsa, choncho analibe chifukwa chofunsitsitsa. Akatswiri amayerekeza kuti anyamata pafupifupi 250,000 analowa gulu la Britain asanakwane msinkhu woyenera. Sidney Lewis analembetsa ali ndi zaka 12, anamenya nkhondo ku Somme, ku France, ali ndi 13, ndipo anabwerera wamoyo mayi ake atalembera akuluakulu a asilikali. Valentine Strudwick anafa mu Januwale 1916 ali ndi zaka 15, ndipo manda ake ali ku Essex Farm, kufupi ndi Ypres komweko.

Ndipo taonani izi: ngakhale titatenga zaka zimene ofufuza akunena, John Condon anatumizidwa ku France mu Disembala 1914 ali ndi zaka 18, asanakwane msinkhu umene lamulo linkalola. Papepala la asilikali anali ndi 19, chifukwa cha chaka chimodzi chija chimene anawonjezera polembetsa. Bodza laling'ono limene mwina analinena kuti apeze ntchito ndi limene linamuika pa mndandanda wa oyenera kupita kunkhondo.

Tsiku la 24 Meyi 1915

Chimene chinachititsa kuti anyamata osungira ngati iyeyu afunike msanga n'choti bataliyoni yachiwiri ya Royal Irish Regiment inatha ngati makatani m'miyezi yoyambirira. Inamenya nkhondo ku Mons, ku Belgium, mu Ogasiti 1914, ndipo pa 19 ndi 20 Okutobala inazingidwa ndi Ajeremani pamudzi wa Le Pilly ku France, moti pafupifupi onse anaphedwa kapena kugwidwa. Bataliyoniyo inamangidwanso ndi anthu ochokera ku magulu osungira a ku Ireland. John anali mmodzi wa iwo.

Pofika Epulo 1915 anali kufupi ndi Ypres. Kumeneko mzere wa ngalande zobisalamo asilikali a Britain ndi France unali utakhota mozungulira mzindawo chakum'mawa, kotero kuti mizinga ya Ajeremani inkawaomba kuchokera mbali zitatu. Madzulo a pa 22 Epulo Ajeremani anayesa chida chatsopano. Anatsegula mabotolo achitsulo masauzande angapo amene anawakwirira kutsogolo kwa ngalande zawo, ndipo mphepo inanyamula mtambo wobiriwira mwachikasu kupita kwa asilikali a France ndi a ku Algeria. Unali mpweya wa klorini, matani oposa 150. Amene anatsogolera ntchitoyi anali katswiri wa sayansi Fritz Haber.

Klorini ndi yemweyu amene timathira m'madzi akumwa kolera ikavuta, kungoti m'madzimo amakhala wochepetsetsa. Akakhala mpweya wambiri ndi poizoni. Amalemera kuposa mpweya umene timapuma, choncho amayenda chapansipansi n'kutsikira m'maenje, momwemo mmene asilikali ankabisala zipolopolo. Akakumana ndi chinyontho cha m'maso, pakhosi ndi m'mapapo amasanduka asidi. Mapapo amapsa n'kuyamba kudzaza madzi, munthu n'kumabanika pang'onopang'ono ali pamtunda. Wotuluka m'ngalande kuthawa mpweyawo ankakumana ndi zipolopolo. Wotsalira pansi ankapuma poizoni. M'masabata oyambawo chodzitetezera chinali kansalu kapena thonje lonyowetsedwa m'mankhwala, lomanga pakamwa ndi pamphuno, ndipo likauma silinkathandizanso.

Nkhondo imeneyi, yotchedwa yachiwiri ya ku Ypres, inatenga mwezi wathunthu. Chakumapeto kwake, mbandakucha wa Lolemba pa 24 Meyi, nthawi isanakwane 3 koloko, Ajeremani anatulutsa mpweya wochuluka kuposa kale pa mtunda wa makilomita pafupifupi 7. Bataliyoni ya John inali kufupi ndi famu ina imene asilikali ankaitcha Mouse Trap Farm, kumpoto chakum'mawa kwa Ypres, moyandikana ndi bataliyoni yachiwiri ya Royal Dublin Fusiliers. Ngalande za adani zinali pafupi kwambiri moti panalibe nthawi yokonzeka. Pambuyo pa mpweya panabwera mabomba, kenaka asilikali oyenda pansi. A Dublin Fusiliers analowa tsikulo ali oposa 650 ndipo amene anatuluka osavulala anali pafupifupi 20 okha. A Royal Irish anataya anthu mazana angapo, kuphatikizapo mkulu wa bataliyoni. Malowo anagwa m'manja mwa Ajeremani, ndiye panalibe wotola mitembo. John Condon analembedwa m'gulu la osowa.

Mawu oti wosowa ankazunza mabanja kuposa uthenga wa maliro. Kalata inkangoti mwana wanu sakuoneka chichitikireni nkhondo ya tsiku lakuti. Mwina wagwidwa, mwina ali m'chipatala osadziwika, mwina wafa. Makolo ankalembera a Red Cross, ankafunsa anzake obwera kutchuthi, ankayang'ana mayina m'nyuzipepala. Pakapita miyezi yambiri popanda chomveka, asilikali ankalemba kuti munthuyo akuganiziridwa kuti anafa pa tsiku limene anasowalo. Ku Ireland, kumene mwambo wogona pamaliro ndi kuperekeza mtembo kumanda uli wolimba kwambiri, banja linkatsala lopanda mtembo, lopanda manda, lopanda tsiku lolira.

Mtembo unkadziwika bwanji patapita zaka?

Asilikali a Britain a mu 1915 ankavala kachizindikiro kamodzi kokha m'khosi, kolembedwa dzina, nambala, rejimenti ndi chipembedzo. Munthu akafa, anzake ankachotsa kachizindikiroko kupita nako kwa akuluakulu monga umboni, mtembo n'kutsala wopanda dzina. Nzeru yovala tiwiri, kuti kena kazitsalira pathupi, inabwera mu 1916. Komanso tizizindikiroto tinali topangidwa ndi zinthu zimene zimaola zikakhalitsa m'dothi lonyowa.

Nkhondo itatha mu Novembala 1918, magulu apadera anayenda m'minda yonse ya nkhondo kufukula mitembo ndi kuisonkhanitsa m'manda akuluakulu. Ntchitoyi itatha, alimi a ku Belgium ndi France anapitiriza kupeza mafupa polima ndi pomanga nyumba, ndipo mpaka lero amawapezabe. Ntchito yosamalira manda inali m'manja mwa bungwe limene Fabian Ware anayambitsa, lomwe linakhazikitsidwa mwalamulo mu 1917 ndi dzina loti Imperial War Graves Commission, ndipo kuyambira mu 1960 limatchedwa Commonwealth War Graves Commission. Bungweli linagamula kuti mitembo isabwezedwe kwawo, ndiponso kuti mwala wa mkulu wa asilikali ndi wa msilikali wamba ukhale wofanana. Manda a Poelcapelle anamangidwa motero nkhondo itatha. Muli anthu pafupifupi 7,500, ndipo oposa 6,200 mwa iwo sadziwika mayina.

Pofukula mtembo ankayang'ana chilichonse chimene chingatchule mwini wake: mabatani, baji ya paphewa, supuni, lumo lometera, lamba. Asilikali ankadinda nambala ya munthu ndi chidule cha gulu lake pa katundu amene wapatsidwa. Mu 1923 kunapezeka mtembo umene pa chikopa cha jombo yake panali podinda 6322 ndi 4/R.I.R. Ofesala amene anayang'ana anatanthauzira kuti R.I.R. ndi Royal Irish Regiment, anafufuza nambala 6322 m'mabuku, n'kupeza John Condon. Mtembowo unaikidwa ku Poelcapelle ndipo banja ku Waterford linauzidwa, patatha zaka zisanu ndi zitatu chisowereni mwana wawo.

Vuto lagona pa mmene manambala ankaperekedwera. Chisanafike chaka cha 1920, msilikali wa Britain analibe nambala yakeyake m'gulu lonse la nkhondo. Rejimenti iliyonse inkawerenga payokha, nthawi zina bataliyoni iliyonse payokha, choncho nambala 6322 inali ya anthu ambirimbiri nthawi imodzi. Chidule cha R.I.R. nacho chinali cha marejimenti awiri: Royal Irish Regiment ndi Royal Irish Rifles, ya ku Belfast ndi madera ozungulira. Ndipo mu Royal Irish Rifles munalidi munthu wa nambala 6322, Patrick Fitzsimmons, amene anafa pa 16 Juni 1915 kum'mawa kwa Ypres, mtembo wake osapezeka.

Ofufuza amene amakayikira amatchula zinthu ziwiri. Nambala 4 ya pajombo ikuloza bataliyoni yachinayi, pamene John Condon anachokera ku yachitatu. Fitzsimmons ndiye anadzera ku bataliyoni yachinayi ya rejimenti yake. Chachiwiri, malo amene mtembowo unapezeka, malinga ndi mapu a ofukulawo, ali makilomita angapo kuchokera ku Mouse Trap Farm, ndipo ali m'dera la Bellewaarde kumene a Royal Irish Rifles anamenya nkhondo pa 16 Juni.

Amene safuna kuthamangira kusintha amayankha kuti jombo si munthu. Kunkhondo anthu ankasinthana nsapato, ankavula za akufa, ndipo zakale zinkakonzedwa n'kupatsidwa ena. Wovulala akanatha kunyamulidwa kapena kukwawa n'kukafera kutali ndi gulu lake. Amatinso ofesala a mu 1923 anaona mtembowo ndi maso awo, pamene ife tikungowerenga mzere umodzi umene analemba pa fomu.

Zimene banja linalandira, ndi dziko limene linasintha

Banja la msilikali wakufa linkalandira ndalama zake zotsala, mamendulo ake, ndi chimbale chamkuwa cholembedwa dzina lake pamodzi ndi kalata yochokera kwa mfumu. Wofika kunkhondo nthawi imene John anafikira ankayenera mamendulo atatu. Makolo ankatha kupatsidwa penshoni yochepa ngati asonyeza kuti ankadalira mwanayo. Bungwe la manda linkatumizanso fomu kwa achibale kuti atsimikize dzina ndi zaka, ndipo ofuna ankawonjezera mawu ochepa oti alembedwe m'munsi mwa mwala, zilembo zosapitirira 66. Ulendo wopita ku Belgium kukaona mandawo unali wosatheka kwa mabanja ambiri a anthu aganyu.

Pamene mtembo uja unkapezeka mu 1923, Waterford sinalinso mu United Kingdom. Pa Isitala wa 1916 gulu lina linaukira ulamuliro wa Britain ku Dublin, ndipo atsogoleri ake ataphedwa mwa kuomberedwa, mitima ya anthu inatembenuka. Redmond anamwalira mu Malichi 1918, mng'ono wake Willie atafera kale kunkhondo ku Messines, ku Belgium, mu 1917. Pa chisankho cha Disembala 1918 chipani cha Redmond chinagonja kotheratu kwa Sinn Féin, chipani chofuna kuti Ireland ichokeretu mu ulamuliro wa Britain, ngakhale mzinda wa Waterford unasankhabe mwana wa John Redmond. Kenaka kunabwera nkhondo yomenyera ufulu kuyambira 1919 mpaka 1921, kugawidwa kwa chilumbacho, kubadwa kwa Irish Free State mu 1922, ndi nkhondo yapachiweniweni. Royal Irish Regiment yeniyeniyo inathetsedwa mu 1922 pamodzi ndi marejimenti ena a kum'mwera.

M'dziko latsopanolo, ngwazi zinali amene anamenyana ndi Britain. Amene anafa atavala yunifolomu ya Britain analibe malo omveka m'mbiri yophunzitsidwa kusukulu. M'zaka za m'ma 1920 makamu ankasonkhanabe ku Dublin pa 11 Novembala, koma mwambowo unazilala, ndipo m'mabanja ambiri mamendulo anatsekeredwa m'madilowa. Munda wa chikumbutso wa ku Islandbridge ku Dublin unamalizidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, unasiyidwa n'kumera tchire, ndipo unadzatsegulidwa mwamwambo mu 1988 utakonzedwanso. Kumpoto zinali zosiyana: kumeneko Apulotesitanti ankakumbukira nkhondo ya ku Somme chaka ndi chaka monga gawo la mbiri yawo.

Zinthu zinasintha pamene mtendere wa ku Northern Ireland unkakhazikika. Pa 11 Novembala 1998 Pulezidenti Mary McAleese, Mfumukazi Elizabeth II ndi Mfumu Albert II ya Belgium anatsegula limodzi nsanja ya chikumbutso ku Messines yokumbukira anthu onse a pachilumbacho amene anafa, Akatolika ndi Apulotesitanti. Mu nyengo imeneyi nkhani ya John Condon inakula kwambiri. N'zosavuta kuona chifukwa chake: mwana wa zaka 14 palibe amene angamunene kuti anali mbali iyi kapena iyo pa ndale, ndipo aliyense angamulire. Mu Meyi 2014 mzinda wa Waterford unaimika chipilala chamkuwa ku Cathedral Square chodziwika ndi dzina lake, chokumbukiranso anthu a m'derali pafupifupi 1,100 amene anafa pa nkhondoyo.

N'chifukwa chiyani sangangofukula n'kuyeza DNA?

Funsoli limabwera nthawi zonse. Yankho n'lakuti bungwe la manda sililola kufukula munthu amene anaikidwa kale m'manda ake n'cholinga chofuna kumuzindikira. DNA, chizindikiro cha mtundu wa munthu chopezeka m'mafupa ndi m'mano chimene amachifanizira ndi cha achibale amoyo, imayezedwa pa mitembo yongopezeka kumene. Ndi zimene zinachitika ku Fromelles ku France, kumene mu 2009 anafukula mitembo 250 m'maenje amene Ajeremani anakwiriramo anthu mu 1916, ndipo ambiri mwa iwo, asilikali a ku Australia, anadziwika mayina. Kwa amene ali kale pansi pa mwala, umboni uyenera kuchokera m'mapepala okha, ndipo uyenera kukhala wosasiya mpata wokayika. Wogamula ngati dzina la pamanda a msilikali wa Britain lisinthidwe ndi unduna wa zachitetezo wa dzikolo. Bungwe la manda lakhala likusunga mwalawo mmene ulili, ndipo m'zolemba zake limasankha mawu mosamala: limati mnyamatayu akuganiziridwa kuti ndiye wamng'ono kuposa onse.

Mkanganowu ukuchitika chifukwa pali mapepala okanganirana: buku la obadwa, kalembera, fomu ya usilikali, mapu a ofukula. Pa nkhondo yomweyi, dziko la Nyasaland linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ku King's African Rifles ndi magulu ena, komanso amtengatenga pafupifupi 200,000, kuyambira pa nkhondo ya ku Karonga mu Seputembala 1914 mpaka kumapeto. Lipoti limene bungwe la manda lija linatulutsa mu 2021 linavomereza kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa akutumikira Britain, ambiri a iwo a ku Africa, sanakumbukiridwe ndi mayina awo kapena sanakumbukiridwe n'komwe, ndipo chiwerengerocho chingafike 350,000. Lamulo lija loti onse akhale ofanana pa imfa linagwira ntchito ku Belgium. Kum'mawa kwa Africa silinatsatidwe.

Dzina la pamwala wa ku Poelcapelle litati lisinthidwe, nkhaniyo ingakhudze mabanja awiri. Ku Ypres kuli chipata chachikulu chotchedwa Menin Gate, chimene chinatsegulidwa mu 1927, cholembedwa mayina oposa 54,000 a asilikali amene alibe manda odziwika, ndipo madzulo aliwonse 8 koloko amaimbapo malipenga. Lamulo lake n'lakuti munthu amakumbukiridwa malo amodzi okha: ali ndi manda, kapena ali pakhoma. Patrick Fitzsimmons ali pakhomapo. Zitatsimikizika kuti jombo ija inali yake ndipo mtembo ndi wake, dzina lake lingachotsedwe pakhoma n'kulembedwa pamwala, ndipo la John Condon lingapite ku Menin Gate, m'gulu la anzake a Royal Irish Regiment amene anasowa m'mawa womwewo wa pa 24 Meyi.